Filimu ya William Kamkwamba ndi Chichewa chake: inu munaimva bwanji?

Nachisale wa ku 25
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira Loweruka, ndiye ndati ndiitule pano poti ndinu anthu okonda makanema. Mayi anga abwera kuchokera kumudzi ku Kasungu kudzapumako atatha kukolola. Loweruka madzulo ana anati tiwaonetse agogo filimu ya kwawo, The Boy Who Harnessed the Wind, ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe uja, mnyamata yemwe anapanga makina a mphepo opangira magetsi. Ine ndinaionera kale mu 2019 itangotuluka pa Netflix, koma mayi anali asanaionepo.

Itangoyamba, pa maliro paja pomwe pakutulukira gule, mayi anakhala tsonga. Chilichonse ankachizindikira, dothi, minda, kavalidwe ka azimayi pa siwa. Koma bambo ake a William atatsegula pakamwa, mayi ananditembenukira n'kufunsa kuti, "Kodi abambowa akuyankhula chiyankhulo chanji?" Ndinati ndi Chichewa, amayi. Anatchera khutu kanthawi, kenako anapukusa mutu. "Mawuwo ndi athu, koma pakamwapo si pathu."

Filimu itafika pa njala, pomwe banja layamba kudya kamodzi patsiku, mayi anasiya kufunsa. Anakokera chitenje kumaso, misozi ili chuchuchu, mpaka kumapeto sanayankhulenso. Anakagona osadya.

Ndiye abale ndithandizeni. Filimu imeneyi tiinyadire kapena itiwawe? Nkhani ndi yathu, malo ndi athu, misozi ya mayi anga inali yeniyeni. Koma zimandipweteka kuti anthu ambiri padziko anamva Chichewa koyamba kuchokera kwa anthu omwe sanachiyamwire.

Bambo a Tadala, Leeds
Achemwali, ine ndimainyadira, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Mwana wanga anabadwira kuno. Kwa zaka zambiri ndikamuyankhula Chichewa ankandiyankha m'Chingerezi, nthawi zina n'kuchita manyazi anzake akabwera kunyumba. Tsiku lina aphunzitsi awo a sayansi anawaonetsa filimuyi m'kalasi pophunzira za magetsi. Anabwera kunyumba akuthamanga, chikwama chili kumsana, n'kundifunsa ngati kwathu ndi kumeneko. Anzake ankamufunsa tanthauzo la mawu ena, iye n'kumawauza. Kuyambira tsiku limenelo mwana uja anayamba kufuna kudziwa Chichewa.

Tisaiwale kuti Chiwetel Ejiofor anabadwira ku London, makolo ake ndi a ku Nigeria. Ndi iye analemba filimuyi, kuitsogolera, n'kuseweranso ngati bambo Trywell. Akanatha kuijambula yonse m'Chingerezi, kapena kukaijambulira ku South Africa monga amachitira ena ambiri. Iye anabwera ku Kasungu komweko, nakhala pansi kuphunzira chiyankhulo cha eni ake. Dziko la Britain linaitumiza ku mpikisano wa Oscar m'gulu la mafilimu a ziyankhulo zina chifukwa cha Chichewa chomwecho. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mphwanga wa ku Ndirande
Akulu, kuyesetsa anayesetsa, sindikukana. Koma ineyo malo ena ndinkawerenga mawu a Chingerezi olembedwa pansi aja kuti ndimve zomwe akunena m'Chichewa changa chomwe. Zimenezo sizinandikomere ngakhale pang'ono.

Aphunzitsi opuma, Dedza
Ana anga, ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndifotokoze zomwe khutu la mayi a Nachisale linamva. Chichewa sichili m'mawu okha, chili ndi kamvekedwe kokwera ndi kotsika. Tikamati mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga ku golosale, zilembo ndi zomwezo koma liwu limayenda mosiyana. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Komanso timakoka pang'ono phatikizo loyandikana ndi lomaliza pothera chiganizo, ndipo timasiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh. Mwana wa zaka zitatu amazichita zimenezi osaganiza. Munthu wamkulu woloweza papepala kwa miyezi ingapo amatchula zilembo zonse bwinobwino, koma nyimbo ya chiyankhulo imamuthawa.

Tsono taonani banja la m'filimumo. Bambo ndi wa ku London. Mayi, Aïssa Maïga, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. William, Maxwell Simba, ndi mnyamata wa ku Kenya. Mmalawi m'nyumbamo ndi Lily Banda, yemwe ndi Annie, mchemwali wake wa William. Mukaioneranso mudzamvetsere: Annie akayamba kuyankhula khutu limapuma. Aliyense mwa enawo anabweretsa kamvekedwe ka kwawo, ndiye nyumba imodzi ikumveka ngati depoti ya mabasi. Sindikuwanyoza, ntchito anaigwira ndi mtima wonse. Koma mayi aja ananena zoona.

Wa kwa Chamama
Ine ndine wa komweko, kwathu ndi kwa Wimbe si kutali. M'chaka cha njala chija ndinali Sitandade 8. Ndinena zoona, nanenso poyamba Chichewacho chinandikhumudwitsa. Koma itafika pa njala ndinaiwala kuti pali munthu akuyankhula molakwika.

Amene simunaione njala ya 2002 mwina mumaganiza kuti anawonjezera. Anachepetsa. Mu Januwale ndi Febuluwale kwathu gaga anasanduka chakudya cha ulemu. Mayi anga ankapita pa ganyu ku esiteti ya fodya m'bandakucha, kukapalira tsiku lonse, malipiro ake kambale ka gaga. Pobwera ankamusefa, n'kuphika phala lamadzimadzi, tonse asanu ndi awiri kuzungulira mphika umodzi. Anthu anakumba zitsa za nthochi, kuziyanika n'kusinja. Chimanga chitangoyamba kukhwima tinkathyola chachiwisi, kuchisenga, kuyanika padzuwa kuti tipeze chitibu, ndipo usiku abambo ankagona kumunda ndi chikwanje poopa akuba. Mbuzi yomwe unkagulitsa ndalama zooneka inkapita ndi ndowa yosadzaza ya chimanga. Pa depoti tinkafika usiku kukagwira mzere, ndipo nthawi zambiri tinkabwerera chimanjamanja. Pamwamba pa zonsezo panabweranso kolera. M'kalasi mwathu tinayamba chaka tili odzaza, pofika Malichi mabenchi ambiri anali opanda anthu.

Malo amene ananditsiriza ine ndi a galu uja, Khamba. Nanenso ndinali ndi galu wanga. Sindinena zambiri.

Chomwe chimandivuta ine pa filimuyi si chiyankhulo ayi, koma mathero ake. Iwo anaonetsa ngati makina a mphepo aja anapopa madzi nthawi yomweyo, anthu n'kudzala mbewu, njala n'kutha. M'moyo weniweni makina oyamba a William, omwe anawapanga ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga, chikupizo cha thirakitala ndi mapaipi a pulasitiki, ankayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba mwawo. Zopopa madzi zinabwera patsogolo, nkhani yake itatuluka m'nyuzipepala mu 2006 ndiponso atakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akufuna kwabwino n'kuyamba kumuthandiza. Njala ija inatisiya pomwe chimanga chinacha m'munda, ndipo ena sanafike pamenepo. Ndikumvetsa kuti filimu imafuna mathero osangalatsa, koma kwa ife amene tinaika anthu m'manda, mathero amenewo ndi ofulumira.

Nachisale wa ku 25
Achimwene a kwa Chamama, pepani kwambiri. Ine nthawi imeneyo ndinali kwa azakhali ku Lilongwe, ndinkangomva. Mayi sanatiuzepo mwatsatanetsatane zomwe anadutsamo. Ndikuwerenga zanuzi ndayamba kumvetsa chifukwa chomwe anakagonera osadya.

Nasibeko wa zisudzo
Ndalowa mochedwa koma nkhani iyi ndi ya kumunda kwanga. Ndakhala ndikuchita zisudzo kuyambira ku sekondale pa mipikisano ya ATEM, ndipo pano ndimasewera m'magulu a ku Blantyre. Funso loti chifukwa chiyani sanatenge Amalawi pa maudindo akuluakulu yankho lake ndi ndalama. Amene amaika ndalama zawo mu filimu amafuna nkhope yomwe anthu a kunja akuidziwa kale. Dzina la Ejiofor ndi lomwe linatsegula zitseko. Popanda iye mwina nkhani ya William ikanathera m'buku lija la 2009.

Koma asatiuze kuti kuno kulibe anthu. Flora Suya alipo. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic ku Lagos mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise yomwe inatenga mphoto yomweyo mu 2018. Luso lilipo, ndipo linalipo kuyambira nthawi ya Du Chisiza Jr. ndi Gertrude Kamkwatira pa nsanja.

Tsono pali chinthu chimodzi chomwe tiyenera kuvomereza ife eni ake. Tikudandaula kuti alendo anaphotchola Chichewa, koma ifeyo tikapeza kamera timathamangira Chingerezi. Chaka china ndinapatsidwa mbali ya mayi wogulitsa tomato pamsika. Tinakajambulira pamsika weniweni, ndavala chitenje chothimbirira, mwana kumsana, ntchentche zili ng'waa pa benchi la usipa pafupi nane. Mawu omwe anandilembera oti ndimukalipire mwamuna wanga woledzera anali a Chingerezi cha m'buku. Ndinapempha wotsogolera kuti andilole ndinene m'Chichewa, ndinamusonyeza momwe ndinganenere, ndipo azimayi enieni a pamsikapo anaombera m'manja n'kumati eya, muuzeni ameneyo. Iye anakana, akuti filimuyo akufuna kuitumiza kunja. Ndinanena Chingerezicho, azimayi aja anabwerera ku malonda awo. Mpaka lero ndikaionera mbali imeneyo ndimaona munthu wovala zovala zanga koma si ine, ndipo si mayi wa tomato.

Amalume a ku Chipata
Moni abale a ku Malawi. Mayi Nasibeko, zoti ndalama za kunja zimafuna nkhope yodziwika si nthawi zonse. Kuno ku Zambia kunajambulidwa I Am Not a Witch, yomwe inatuluka mu 2017. Anaitsogolera Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka koma anakulira ku Wales. Mwana yemwe anasewera mbali yaikulu, Maggie Mulubwa, anali asanaimepo kutsogolo kwa kamera. Anthu m'filimumo akuyankhula ziyankhulo za kuno, Chinyanja chili momwemo, ndipo inakatenga mphoto ya BAFTA mu 2018. Ndiye zimatheka. Chimafunika ndi wotsogolera wouma mutu amene akukhulupirira kuti anthu ake akwanitsa.

Komanso pa Zambezi Magic pali Mpali, ya bambo Nguzu ndi mitala yawo. Anthu amasakaniza Chingerezi, Chinyanja, Chibemba monga timayankhulira mu minibasi. Ndikudziwa kuti ku Mchinji ndi ku Lilongwe mumaionera, chifukwa abale anga kumeneko amandiimbira kufunsa maganizo anga pa akazi a Nguzu.

Wa ku Joni
Ndigwirizane ndi amalume. Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chitatu. Pa yadi yomwe ndimakhala, ikakwana nthawi ya Uzalo aliyense amasiya zomwe akuchita. Ndi ya Chizulu, nkhani yake ya ku KwaMashu ku Durban, inayamba mu 2015. Skeem Saam ndi ya ku Turfloop ku Limpopo, Chipedi chili tho. Koma yomwe imandipatsa maganizo kwambiri ndi Muvhango, yomwe inayamba mu 1997. Avenda ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ife oyankhula Chichewa, koma sewero lawo linakhala pa SABC2 zaka zoposa makumi awiri, mafumu awo, miyambo yawo, malonje awo, zonse m'chiyankhulo chawo, Chingerezi n'kungolembedwa pansi. Ine Chizulu ndinachiphunzirira pa masewero amenewa. Palibe amene amapepesa chifukwa choyankhula chakwawo.

Ife tili ku Malawi, kummawa kwa Zambia, ku Tete, ena ku Harare ndi kuno. Msika ulipo. Anyamata a kuno Lamulungu amatumizirana timasewero ta kumudzi pa WhatsApp, tojambulidwa ndi foni, mawu osamveka bwino, koma amationera mpaka bando kutha chifukwa akumva kwawo.

Mphwanga wa ku Ndirande
Poti mwatchula za msika, ndikukumbutseni za vidiyo sho. Ife tinakulira m'menemo. Kanyumba ka zigwagwa ndi mapepala akuda a pulasitiki, mabenchi a mapulanga osapala, TV imodzi pamwamba pa tebulo, sipika ili panja kuitana anthu. Pakhomo pali chikatoni cholembedwa ndi choko nthawi ya filimu iliyonse. Unkalipira K5, ukasowa unkasuzumira pa kabowo mpaka mwini wake akuthamangitse. Mkati fungo la thukuta ndi makoko a nzimbe. Bruce Lee, Jet Li, Van Damme, Rambo. Chingerezi sitinkamva, Chitchaina ndiye kaya, koma tinkadziwa kuti sitaringi safa, ndipo pamakhala mkulu wina yemwe anaionera kale kasanu akufotokozera onse zomwe zikubwera.

Kenako kunabwera ma DJ omasulira. Apa ndiye zinthu zinasintha. Filimu ya ku India kapena ku China, munthu mmodzi akuyankhulira onse, amuna ndi akazi omwe, m'Chichewa cha mu ghetto. Anthu a m'filimumo amawapatsa mayina a kwathu, mzinda wa Mumbai n'kuusandutsa Limbe, munthu akamadya n'kumati akumenya nsima ya bonya. Nthawi zina zomwe akunenazo si zomwe zili m'filimumo n'komwe, akupeka yekha. Koma pitani pa malo obenera mafilimu aliwonse mufunse zomwe zikuyenda malonda. Ndi zomasulirazo. Agogo anga omwe sanapite ku sukulu amatsatira filimu ya maola atatu chifukwa cha anyamata amenewa. Anthu a mafilimu a pamwamba amawaderera, koma iwowa anazindikira kalekale zomwe mayi Nasibeko akunena, kuti Mmalawi amafuna kumva Chichewa chamoyo.

Mayi a mapasa
Mphwanga, zoona, koma ena mwa ma DJ amenewo pakamwa pawo ndi poola. Ndinalanda memore ya ana anga nditamva mawu omwe sindingawalembe pano. Aziganizira kuti m'nyumba muli ana.

Ine ndivomere kuti ndine wa Zee World. Anthu amatiseka kuti nkhani imodzi imatenga chaka, munthu akadzidzimuka kamera imamubwereza katatu. Koma mukudziwa chomwe chimatigwira azimayife? Ndi nkhani za apongozi, za mtsikana wolowa m'banja lomwe silikumufuna, za chuma cha makolo chomwe abale akulimbirana. Zimenezo ndi zathu zomwe. Kale tinkazipeza m'mafilimu a ku Nigeria, Patience Ozokwor akazunza mpongozi wake ife kuno mtima uli phaphapha. Ndisanaiwale, Neria ya ku Zimbabwe ija, ya mayi wamasiye wolandidwa katundu ndi achibale a mwamuna, mayi anga aang'ono anaionera ali ndi chaka chimodzi chiferedwere ndipo anati ndi nkhani yawo ndendende.

Nanga bwanji ife tilibe sewero la tsiku ndi tsiku la zoterezi lomwe dziko lonse likulidikira? Chikamwini chokha chingatipatse nkhani za zaka zisanu. Mkamwini womanga nyumba ya malata kwa akazi ake, banja likatha n'kuchoka ndi kachikwama. Nkhani za mwini mbumba, za chitengwa, za malowolo kumpoto, za amuna opita ku Joni osabwerako. Zonsezi zangokhala.

Aphunzitsi opuma, Dedza
Mayi, funso lanu ndi labwino, ndipo mbali ina yankho lili m'mbiri. Ku Nigeria wailesi ya kanema inayamba mu 1959, ku Zimbabwe mu 1960, ku Zambia mu 1961, ku South Africa mu 1976. Ife nthawi yonse ya Kamuzu tinalibe. TVM inatsegulidwa mu 1999. Anzathu anali ataphunzitsa kale mibadwo ya olemba, ojambula ndi okonza mawu ife tisanayambe.

Koma luso lofotokoza nkhani tinali nalo pa wailesi. Sewero la Sabata Ino pa MBC linkasonkhanitsa mudzi wonse pa wailesi imodzi, mabatire atawayanika padzuwa masana kuti afike madzulo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ankangoima awiri popanda chokongoletsa chilichonse, holo yonse n'kugwa ndi phwete. Chinsinsi chawo chinali Chichewa, kadulidwe ka mawu, kudziwa pomwe munthu wa kumudzi angakhalire chete ndi pomwe angayankhe mokhota. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021. Ndikamva achinyamata akuti Chichewa sichikoma pa kanema ndimadziwa kuti sanawaonepo awiriwa.

Nasibeko wa zisudzo
Aphunzitsi mwanena. Ndiwonjezere chomwe chimapha masewero athu pa TV. Wailesi zambiri sizigula sewero, zimafuna iweyo wopanga ubwere ndi wokulipirira nthawi. Ndiye amene ali ndi ndalama ndi mabungwe, ndipo bungwe limabwera ndi uthenga wake. Wolemba amapatsidwa mndandanda: munene za katemera, za kusamba m'manja, za nkhanza za m'banja. Zonsezo ndi zofunika, koma munthu wa m'sewero amasiya kukhala munthu, amasanduka chikwangwani. Pakati pa mkangano wa banja mwadzidzidzi wina akuyamba kuyankhula ngati mlangizi wa zaumoyo. Oonera amazindikira msanga n'kusintha tchanelo.

Ukati upange filimu yako ndi ndalama za m'thumba, lero waitulutsa, mawa ili pa malo obenera, akuiika pa memore ndi ndalama yosakwana kugula botolo la Fanta, iwe osaonapo kanthu. Tinagulitsa mbuzi za mayi anga kuti timalize filimu ina. Sizinabwerere.

Nangozo wa ku Balaka
Chemwali, pa za mabungwezo ndikutsutsaniko pang'ono. Tikuferanji inali ya uthenga, aliyense ankadziwa kuti ikunena za Edzi, koma anthu ankaikonda chifukwa Manganya anali munthu weniweni, wa mabodza ake, wa dyera lake, wofanana ndi wina wake yemwe aliyense akumudziwa pamudzi. Malume anga anadwala nthawi yaitali akukana kupita kukayezetsa, akuti awalodza. Tinayankhula mpaka kutopa. Tsiku lina tikuonera Tikuferanji kwa aneba, poti TV inali imodzi mzere wonse, munali bambo wina wochita ngati iwowo. Anthu ankaseka, malume sanaseke. M'mawa mwake anabwereka njinga. Lero ali moyo, akumwa mankhwala, ana awo anamaliza sukulu. Ndiye uthenga si vuto, vuto ndi wolemba waulesi.

Ndipo taonani komwe zisudzo zinamufikitsa Michael Usi, yemwe ankasewera ngati Manganya, mpaka kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024. Anthu kumudzi ankamutchabe Manganya.

Nasibeko wa zisudzo
Anangozo, pamenepo ndagonja. Mwanena zoona, ndipo ndakondwa kuti malume ali bwino.

Mtsikana wa ku Poly
Ine ndine wamng'ono pano koma ndiyankhuleko. Anzanga onse ku hostel amaonera masewero a ku Korea, ndipo palibe amene amadandaula kuti sakumva chiyankhulo. Squid Game inagwedeza dziko lonse mu 2021 ili m'Chikoreya. Parasite inatenga Oscar ya filimu yopambana zonse mu 2020 ili m'Chikoreya. Pafupi pompa, Tsotsi ya ku South Africa inatenga Oscar mu 2006 anthu akuyankhula za m'makwalala a ku Johannesburg. Ndiye wotsogolera uja anakaniza mayi Nasibeko kuyankhula Chichewa poti akufuna za kunja analakwitsa kuwerenga. Akunjawo amafuna chomwe alibe.

Ndinaonera Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ya mtsikana wogulitsa malonda mumsewu sukulu yake itatsekedwa. Ili ndi zofooka zake, koma ndinamva anthu akuyankhula ngati anthu omwe ndimakumana nawo mu Limbe. Inatumizidwanso ku Oscar kuimira Malawi, monga inachitira The Road to Sunrise. Chomwe ndingapemphe opanga mafilimu athu ndi chimodzi: gulani maikolofoni yabwino musanagule kamera yodula. Chithunzi chikhoza kukhala chapakatikati, koma mawu akamamveka ngati munthu ali m'chitsime, tambala wa aneba akulira kuposa wosewera, Chichewa chokomacho chimatayika.

Bambo a Tadala, Leeds
Ndawerenga zonse ndili pa basi kuchokera ku ntchito. Sindisintha maganizo anga oti filimu ya William inatichitira zabwino, mwana wanga ndi umboni. Koma aphunzitsi andipatsa mantha pang'ono, chifukwa ndazindikira kuti mwanayo mawu ena amawatchula monga anawamvera m'filimumo, ndipo ine ndimangosekerera poti bola akuyankhula. Ndiyamba kumuimbira agogo ake ku Ntcheu Lamulungu lililonse kuti azimva kwa eni ake.

Achimwene a kwa Chamama, za mathero zija sindinkazidziwa. Ndimuuza mwanayo.

Wa kwa Chamama
Muuzeni, akulu. Mumuuzenso kuti William anachotsedwa sukulu pa Kachokolo chifukwa chosowa fizi, n'kumakawerenga yekha mabuku pa kalaibulale kakang'ono, Chingerezi asakuchidziwa bwino, akutsatira zithunzi. Pambuyo pake anakamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014. Zimenezo ndi zoona zenizeni ndipo sizifuna kukometsera.

Nachisale wa ku 25
Abale, zikomo nonse, sindinayembekezere kuti muyankha chonchi. Ndabwera kudzakuuzani zomwe zachitika dzulo.

Magetsi atabwera madzulo, mayi anandiuza okha kuti ndiwaikirenso filimu ija. Ndinadabwa, ndinawafunsa ngati ali ndi mphamvu zoionera kachiwiri. Anati ika, koma uchepetse mawuwo. Ndinatsitsa mpaka pansi. Anaitana adzukulu awo atatu, kuwakhazika pamphasa patsogolo pawo, n'kuyamba kufotokoza okha zomwe zikuchitika, ngati ma DJ a mphwanga wa ku Ndirande aja, koma m'Chichewa cha kwathu ku Kasungu. Bambo Trywell akatsegula pakamwa, mawu ankatuluka kwa mayi. Pomwe William akupempha njinga ya bambo ake kuti aidule, mayi anati, "Mwana iwe, njinga imeneyi ndiyo miyendo ya nyumba ino, ukaidula tiyenda ndi chiyani?" Sindikudziwa ngati ndi zomwe ananena m'filimumo, koma ana anali chete, pakamwa yasa.

Itafika pa njala anandiuza kuti ndiimitse. Anayamba kusimba zawo. Anati chaka chimenecho anagulitsa makina awo osokera, omwe bambo anawagulira asanamwalire, ndi ndowa ziwiri za chimanga. Ine ndinakula ndikudziwa kuti makinawo anabedwa. Anati mlongo wanga wamng'ono, yemwe pano ndi kondakitala, anatupa miyendo mpaka kulephera kuyenda, ndipo ankamubereka kupita naye ku ganyu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anatchula mayina a anthu a m'mudzi mwathu omwe anapita miyezi iwiri imeneyo, mmodzimmodzi, akuwerenga ndi zala, zala n'kutha n'kuyambiranso. Mwana wanga wamkulu anafunsa kuti agogo, bwanji simunatiuze? Anati munalibe pondifunsira.

Filimuyo sitinaimalize. Tinakhala mpaka cha m'ma 11 usiku TV itaima pa chithunzi chimodzi.

Aphunzitsi opuma, Dedza
Mwana wanga, asanabwerere kumudzi uwapemphe afotokozenso, ujambule mawu awo pa foni. Uwafunsenso mayina a zakudya zonse zomwe ankadya chaka chimenecho ndi momwe ankazikonzera.

Nachisale wa ku 25
Ndinajambula kale, aphunzitsi, mwana wanga ndi amene anaganiza zimenezo pakati pa nkhani. Yakwana mphindi 47. Mayi akuti mbali yotsala ya filimuyo tiimalize Lachisanu mlongo wanga akaweruka, akufuna naye akhalepo.